Mwana Akula ndi Manja: Za Mbereko, Kangaru ndi Makanda a ku Kasinje

Wolemba Mtolankhani Wathu

Munthu amene atsika basi pa Kasinje, m'chigwa cha Bwanje m'boma la Ntcheu, sachedwa kuona chinthu chimene maso athu anachizolowera kotero kuti sitichiwerengeranso. Mayi wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu ali ndi mwana kumbuyo. Mayi wochokera kumjigo, ndowa iri pamutu, ali ndi mwana kumbuyo. Ngakhale kamtsikana kamene sikanafike Sitandade 3 kabereka mng'ono wake, miyendo ya khandalo iri lendelende m'mbali mwake. Khanda la kumudzi litha tsiku lonse thupi lake litagundana ndi thupi la munthu wina, ndipo usiku ligona pambali pa amake.

M'chinenero chathu liwu limodzi ligwira ntchito ziwiri. Timati mayi wabereka mwana pamene wachira, timatinso wabereka mwana pamene wam'mangirira kumbuyo ndi nsalu. Makolo amene anatisiyira liwuli anaona ngati ntchito ziwirizi ndi imodzi, yachiwiri ingopitiriza yoyamba. Masiku ano asing'anga a m'maiko ambiri avomerezana nawo, ndipo ali ndi umboni. Nkhaniyi tailembera makamaka inu aphunzitsi ndi antchito a Boma, pakuti ndinu amene anthu a kumudzi akufunsani nzeru, ndiponso, tinene poyera, ndi m'nyumba zathu ife ophunzira momwe mwambo wonyamula mwana wayamba kuzirala.

Zimene Anapeza Akatswiri a Kunja

Kalekale asing'anga ambiri a ku Ulaya ndi ku America anali kuphunzitsa kuti khanda lifuna zinthu zitatu zokha: mkaka pa nthawi yake, ukhondo, ndi tulo. Kulinyamula kawirikawiri anati ndiko kuliwononga. Mu 1945 sing'anga wina dzina lake René Spitz analemba za makanda oleredwa m'nyumba ya ana osiyidwa, momwe chakudya chinalipo ndi ukhondo unalipo, koma mlezi mmodzi anali kuyang'anira ana ambiri. Ana aja anafooka, anachedwa kukhala pansi ndi kuyenda, ndipo ambiri anamwalira. Mu 1951 John Bowlby wa ku England analembera bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, lipoti lonena kuti chikondi cha mlezi mmodzi wokhazikika chiri chofunika pa moyo wa mwana monga momwe chiriri chakudya.

Panali okana, amene anati mwana akonda amake chifukwa cha bere basi. Amene anawayankha ndi Harry Harlow wa pa yunivesite ya Wisconsin ku America, mu 1958. Iye anachotsa tiana ta anyani kwa amawo, natipatsa zidole ziwiri. Chidole china chinali cha waya wokhawokha, koma chiri ndi botolo la mkaka; china chinali chokutidwa ndi nsalu yofewa, chopanda mkaka. Tianyani tija tinali kupita ku chidole cha waya kukayamwa, tikakhuta n'kuthamangira ku cha nsalu, kumene tinali kukakamira pafupifupi tsiku lonse. Tikaopsedwa tinali kuthawira komweko. Kuyesa kumeneku kunali kwa nkhanza, ndipo lero sikukanaloledwa. Koma kunaonetsa kuti njala ya kukhudzidwa iri payokha, yosiyana ndi njala ya m'mimba.

Chimene awerengi ambiri sadziwa ndi chakuti mbali ina ya nzeru imeneyi inachokera kuno ku Africa. M'zaka za 1954 ndi 1955 mayi wina wophunzira, Mary Ainsworth, anali kuyendera mabanja a Aganda m'midzi ya pafupi ndi Kampala ku Uganda, kupenyerera amayi ndi makanda awo. Anaona kuti ana amene amawo anali kuwamvetsa ndi kuwayankha msanga sanali olira-lira, ndipo ndiwo anali olimba mtima kukwawa kutali kukaona zinthu, podziwa kuti pobwerera alipo. Buku lake linatuluka mu 1967, ndipo kufikira lero ophunzira za kakulidwe ka ana aliwerenga. Amayi a kumudzi anakhala aphunzitsi a mayunivesite osadziwa.

Umboni womvetsa chisoni koposa unaoneka ku Romania, boma la Nicolae Ceaușescu litagwa mu Disembala 1989. M'nyumba za ana amasiye za boma munapezeka ana zikwizikwi ogona m'timabedi tachitsulo, odyetsedwa koma osanyamulidwa, ena ongodzigwedeza okha, osaliranso chifukwa anaphunzira kuti kulira sikuitana munthu. Akatswiri anatsatira ana 136 a mumzinda wa Bucharest, theka la iwo ataperekedwa ku mabanja owalera. Amene analowa m'mabanja anapambana anzawo pa nzeru ndi pa kulankhula, makamaka amene anatengedwa asanakwanitse zaka 2. Tiyenera kunena moona kuti ana amenewa sanasowe manja okha. Anasowanso nkhope yowasekerera ndi mawu owalankhula. Koma zinthu zitatuzi ziyendera pamodzi. Palibe mayi anyamula mwana wake osam'yang'ana ndi kum'lankhula.

Khanda Lobadwa Masiku Osakwana

Tsono tibwerere kwathu, kumene nkhaniyi iri ya moyo ndi imfa.

Mwana ayenera kukhala m'mimba masabata 40 kapena kuyandikira pamenepo. Wobadwa asanakwane masabata 37 ndiye timati wabadwa masiku osakwana, ndipo wolemera mochepera makilogalamu 2.5 timati wabadwa wochepa thupi. Lipoti la WHO ndi mabungwe anzake la 2012 linaika dziko la Malawi patsogolo pa maiko onse pa vuto limeneli: mwa ana 100 obadwa amoyo, 18 anali obadwa masiku osakwana. Lipoti lotsatira, la 2023, linapeza ana oposa 14 mwa 100, Malawi ali wachiwiri kwa Bangladesh. Mphunzitsi aliyense angadziwerengere yekha kuti m'kalasi mwake muli angati amene anayamba moyo chotero.

Mdani woyamba wa khanda lotere ndi kuzizira. Awerengi ena adzadabwa, pakuti ku Kasinje ndi kuchigwa, kumene mu Okutobala munthu afunafuna mthunzi dzuwa lisanakwere. Koma khanda lochepa liri ndi khungu lopyapyala, liribe mafuta okwanira pansi pa khungu, ndipo mutu wake ndi waukulu poyerekeza ndi thupi, kotero kuti kutentha kwa m'thupi kuthawa msanga. Libadwa lonyowa. Thupi lake liyenera kukhala pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5, ndipo chipinda chimene munthu wamkulu achimva chofunda chikhala chozizira kwa ilo. Likazizidwa liwotcha shuga wa m'magazi pofuna kudzitenthetsa. Shuga akatha lifooka, lileka kuyamwa, ndipo posayamwa lizizidwa koposa. Kulikulunga m'zitenje zambiri sikuthandiza kwenikweni, pakuti nsalu siipanga kutentha, ingosunga kumene kulipo. Mbaula yozima ngakhale muifunditse bulangete sitentha.

M'zipatala zazikulu muli mabokosi agalasi oyendera magetsi ofunditsira makanda. Ndi a mtengo wapatali, afuna magetsi osadukiza ndi amisiri owakonza, ndipo pamene ana achuluka ena agonekedwa awiri m'bokosi limodzi, n'kupatsirana matenda. Vuto lomwelo linagwera chipatala cha amayi ndi ana cha mumzinda wa Bogotá ku Colombia. Mu 1978 Dr. Edgar Rey wa pa chipatalacho, posowa mabokosi, anayamba kuika makanda ang'onoang'ono pachifuwa cha amawo, khungu kukhudzana ndi khungu, usana ndi usiku. Njirayi anaitcha ya kangaru, potengera nyama ya ku Australia imene mwana wake abadwa wamng'ono ngati nyemba, nakulira m'thumba la pamimba pa make kwa miyezi ingapo.

Kachitidwe kake nkosavuta. Khanda livala kachipewa, thewera ndi masokosi basi. Liikidwa choimirira pakati pa mabere a amake, mimba yake kukhudza chifuwa cha mayi, miyendo yopindika ngati ya chule, mutu woyang'ana kumbali kuti mphuno ipume bwino. Kenaka limangidwa ndi chitenje, ndipo mayi avala chovala chake pamwamba. Pogona mayi atsamira mapilo, osagona chathyathyathya.

Zimene zichitika pamenepo nzambiri. Chifuwa cha mayi chitenthetsa mwana pa muyeso woyenera, osapyola, osaperewera. Makanda obadwa masiku osakwana ali ndi chizolowezi choopsa choiwala kupuma. Kugunda kwa mtima wa mayi, kupuma kwake ndi kuyenda kwake ziwadzidzimutsa kuti apitirize. Khungu la mwana likakhudza la mayi, m'thupi mwa mayi mutuluka michere imene itsitsa mkaka, ndipo bere liri pafupi nthawi iriyonse. Tizilombo timene tiyamba kukhala pakhungu la mwana tikhala ta amake, timene mkaka wa amakewo uli kale ndi chitetezo chake, m'malo mwa tizilombo ta m'chipatala. Anamwino aonanso kuti mwana wobayidwa jakisoni ali pachifuwa salira nthawi yaitali monga wobayidwa ali pabedi.

Gawo la Dziko Lathu

Kuno kwathu chipinda choyamba chokhazikika cha kangaru chinatsegulidwa pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Mu 2005 Unduna wa Zaumoyo unatulutsa malangizo a dziko lonse, ndipo njirayi inafalikira ku zipatala za maboma ndi za mishoni. Pamenepa Boma liyenera kuyamikiridwa, pakuti linayamba ntchitoyi maiko ambiri a mu Africa asanaiganizire.

Koma kwa zaka zambiri lamulo linali lakuti kangaru ayambe mwana akayamba walimba. Khanda lodwala kapena lochepetsetsa linali kutengedwa kukagonekedwa kuchipinda cha makina, mayi ali kuwodi ina, kubwera pa nthawi yoyamwitsa yokha. Tsoka lake linali lakuti ambiri a makanda amene amwalira amwalira m'masiku atatu oyamba, asanafike pa kulimba kumeneko. Ana amene anali kusowa chifuwa koposa ndiwo anali kumanidwa.

Funso limeneli linayesedwa m'zipatala zisanu za m'maiko a Ghana, India, Malawi, Nigeria ndi Tanzania, motsogozedwa ndi WHO. Chipatala chathu chinali cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Makanda 3,211 olemera kuyambira kilogalamu 1 kufikira pafupi ndi makilogalamu 1.8 anagawidwa pawiri. Gulu lina linayamba kangaru atangobadwa, mayi ali ndi bedi lake m'chipinda cha makina momwemo, mpweya ndi madiripi zikuperekedwa mwana ali pachifuwa. Gulu linalo linatsata njira yakale. M'chipinda cha makina, ana a gulu loyamba anali kukhala pachifuwa pafupifupi maola 17 patsiku, a gulu lachiwiri ola limodzi ndi theka. Zotsatira zinasindikizidwa mu Meyi 2021. Pomatha masiku 28, mwa ana 100 a gulu loyamba anamwalira 12. A gulu lachiwiri pafupifupi 16. Ndiko kunena kuti imfa imodzi mwa zinayi inapewedwa. Oyang'anira kafukufukuyo anamuimitsa asanafike kumapeto, poona kuti sikukanakhala chilungamo kupitiriza kumana gulu linalo. Mu Novembala 2022 WHO inasintha malangizo ake: kangaru ayambe pomwepo mwana atabadwa, kwa maola 8 kufikira 24 patsiku, pokhapokha ngati mwanayo ali wodwalitsitsa kotero kuti sangathe kupuma yekha.

Amayi a ku Blantyre, amene anakhala tsonga usiku wonse ndi timakanda tosakwana makilogalamu awiri, ali ndi dzanja pa lamulo limene tsopano litsatidwa ndi zipatala za dziko lonse lapansi. Nzachisoni kuti ambiri a ife sitinamve konse za ichi.

Kuchokera Kumbuyo Kufika Kutsogolo

Wina adzati: ngati amayi a ku Kasinje abereka kale ana awo, chatsopano nchiyani? Chatsopano chiripo. Khanda la masiku ochepa siliberekedwa kumbuyo, pakuti khosi lisanalimbe. Ligonekedwa pamphasa lokulungidwa m'nsalu. Ndiponso mwana wa kumbuyo ali ndi zovala pakati pa iye ndi amake. Kangaru afuna kuti mbereko ibwere kutsogolo, ndi kuti nsalu ya pakati ichoke. Kusintha kumeneku kuoneka kochepa, koma mayi amene ayenda pamsika atamangirira mwana pachifuwa adziwa kuti maso onse ali pa iye, ndipo aliyense wazindikira kuti wabereka mwana wosakwana masiku. M'midzi ina mwana wotere anali kuyesedwa ngati sanafike pa kukhala munthu, ndipo achibale anali kudikira kuti aone ngati akhala. Pofuna kuthetsa maganizo amenewa kunachitika kampeni ya Khanda ndi Mphatso m'maboma a Machinga ndi Thyolo. Ntchito yotere ifunika ponseponse, ndipo palibe amene angaigwire bwino kuposa mphunzitsi wa pamudzi, amene mawu ake amveka ku komiti ya sukulu, kutchalitchi ndi kubwalo la mfumu.

Palinso mwambo wa chikuta. M'midzi yambiri ya m'chigawo chapakati mayi ndi khanda akhala m'nyumba kufikira mchombo utagwa, ndipo anthu otentha, ndiye kuti amene ali kukhala malo amodzi m'banja, saloledwa kugwira mwanayo poopa tsempho. Wolemba nkhani ino sali m'gulu la onyoza mwambowu. Unali kupatsa mayi mpumulo, unali kusunga mayi ndi mwana pamodzi, ndipo unali kuchepetsa manja ogwira khanda pa nthawi imene chimfine chokha chingaliphe. Chikuta ndi kangaru zigwirizana kwambiri. Pamene zisiyana ndi pa bambo. Mayi mmodzi sangathe kunyamula mwana maola 20 patsiku kwa masabata angapo. Ayenera kusamba, kudya ndi kugona. Chifuwa cha bambo chitenthetsa monga cha mayi, chimodzimodzinso cha agogo ndi cha azakhali. Akale anati mwana sakulira nakubala. Akuluakulu a pamudzi amene asunga mwambo ndiwo angathe kupeza njira yoti bambo alandire mwana wake pachifuwa popanda wina kum'loza chala, ndipo nkhani imeneyi ndi yoyenera kuikamba nawo mwaulemu.

Zovuta zina nza m'thumba. Mayi amene wagonekedwa kuboma masabata awiri wasiya ana ena kunyumba, wasiya munda, ndipo wom'dikirira afuna ufa ndi ndiwo. Ngati ndi nthawi ya dzinja, kupalira kuli kum'dikira. Ambiri apempha kutuluka msanga, ndipo akafika kwawo kangaru atha pa tsiku loyamba lopita kudimba. Apa mpamene alangizi a zaumoyo a m'midzi afunika kuyendera banjalo, kuyesa mwana pasikelo, ndi kukumbutsa abale kuti ntchito ya mtondo ndi ya kumjigo aigawane.

Tichenjezenso kuti chifuwa sichilowa m'malo mwa chipatala. Khanda limene laleka kuyamwa, lipuma mofulumira kapena mobanika, likomoka, latentha thupi kapena lazizira ngakhale liri pachifuwa, kapena lachita chikasu, lifuna namwino tsiku lomwelo. Ndipo aliyense wolandira mwana ayambe wasamba m'manja ndi sopo.

M'nyumba za Ophunzira

Tsopano tinene za ife eni. M'nyumba za aphunzitsi ndi m'makwalala a ku Lilongwe ndi Blantyre mumveka kawirikawiri mawu akuti musam'nyamule-nyamule, mum'zoloweza manja. Mwana agulidwira kabedi kakekake ndi kampando ka matayala. Akalira apatsidwa foni kuti aonere zithunzi. Zinthu zimenezi pazokha si zoipa, ndipo mayi amene aphunzitsa ana 90 m'kalasi kuyambira m'mawa sangadzudzulidwe pofuna kupumula madzulo. Koma chiphunzitso chakuti manja awononga khanda si cha makolo athu. Tinachilandira kwa Azungu a m'badwo wakale, ndipo eni ake anachitaya.

Ku Montreal m'dziko la Canada, mu 1986, akatswiri awiri, Hunziker ndi Barr, anapempha amayi ena kuti anyamule makanda awo maola owonjezera tsiku ndi tsiku, ngakhale pamene sali kulira. Pa msinkhu wa masabata 6, pamene makanda alira koposa, ana onyamulidwawo anali kulira mochepera anzawo ndi magawo 43 pa 100. Ena amene anayesa pambuyo pake sanapeze kusiyana kwakukulu chotero, koma palibe amene anapeza kuti kunyamula khanda kuliwononga. Akatswiri a za mitsempha apezanso kuti pakhungu la munthu pali mitsempha yapadera imene iyankha kusisita kofatsa, kwa dzanja lofunda loyenda pang'onopang'ono, ndipo uthenga wake upita ku mbali ya ubongo yoona za mtendere wa mumtima. Liwiro limene mitsemphayi ikondwera nalo ndi lomwe lija mayi asisitira mwana wake popanda wom'phunzitsa, pom'dzoza mafuta atam'sambitsa.

Kwa antchito olembedwa, funso lenileni ndi la nthawi. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 lipatsa mayi wochira tchuthi cha masabata osachepera 8 ndi malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inawonjezera masabata awiri a bambo. Abambo ambiri sadziwa za ufulu umenewu, ena achita manyazi kuupempha, ndipo ena autenga n'kukathera masikuwo pa bawo. Mkulu wa sukulu kapena wa ofesi amene wamva kuti wantchito wake wabereka mwana wa masiku osakwana achita bwino kum'kumbutsa yekha, osadikira kalata. Ndipo amene asiya mwana ndi mlezi am'uze momveka kuti kubereka mwanayo ndi mbali ya ntchito yake yoposa kukolopa.

Pa Kasinje pali chipatala chaching'ono. Matenda akakula, wodwala atumizidwa ku chipatala cha boma ku Ntcheu, ndipo ulendo wake ndi wokwera mapiri kuchoka m'chigwa chotentha kupita kumtunda kozizira, pa msewu umene nthawi ya mvula uvuta. Khanda lochepa thupi limene linyamuka usiku wa mu Juni litakulungidwa m'zitenje, liri pamiyendo ya agogo ake, lingafike litazizira kale. Malangizo a anamwino ndi akuti liyende ulendo wonsewo liri pachifuwa, khungu ku khungu, chipewa kumutu, kaya ndi mu ambulansi, m'galimoto ya matola kapena pa njinga yamoto; ndipo ngati mayi ali wofooka kapena ali kutaya magazi, wom'perekeza amasule malaya ake, alandire mwanayo.